Mkono wa Mayi Bogumiła

Ku Gdańsk dzuwa la Januwale ndi laulesi.
Tinkalowa m'labotale kudakali mdima,
chipale chofewa chikusungunuka pa nsapato,
pakhomo ataima Mayi Bogumiła,
makiyi m'chiuno, akuwerenga mitu yathu.

Tsitsi limangidwe. Magalasi kumaso.
Buledi wakoyo, Przemek, ukadyere panja,
muno pakamwa ndi pofunsira mafunso basi.

Tsiku loyamba sanatsegule buku.
Anapinda mkono wa khoti lawo loyera,
tinaona chipsera chosalala ngati phula la kandulo,
kuyambira pachigongono mpaka pomangira wotchi.
"Ndinali wamng'ono ngati inu," anatero,
"sitima yamadzulo inkandithawa,
ndiye ndinathira madzi mu asidi.
Botolo linawira, linandilavulira.
Asidi ndiye amapita kumadzi, pang'onopang'ono,
monga mlendo wolowa m'nyumba ya eni.
Mukatembenuza, khungu lanu ndilo lidzalipire."

M'chipinda chimenecho ndinaphunzira kukayikira maso.
Mabotolo awiri oyera mbee, ngati mapasa,
lina madzi, lina imfa,
chowasiyanitsa kapepala kolembedwa ndi dzanja.
Lopanda dzina sulikhudza, sulilawa,
ndipo fungo sulitsatira ndi mphuno,
umalikodola ndi dzanja, libwere lokha.

Tinayesa pasikelo tinthu tachitsulo tonga ubweya,
tinatiotcha, tinatiyesanso.
Tinalemera!
Ine ndinkadziwa kuti moto umadya,
sindinkadziwa kuti umabweretsanso.
Okosijeni wa mumpweya anakwatirana ndi chitsulo,
palibe atomu inatayika, zinangosintha anzawo oyenda nawo.
Madzulo ndinayang'ana ovolosi ya bambo anga,
owotcherera zombo kudoko,
dzimbiri lofiira litakanirira m'mawondo,
ndinati: ukwati womwe uja, koma wosafulumira.

Panalinso ntchito ya madontho.
Dontho. Gwedeza. Dontho. Gwedeza.
Asidi ndi soda zikulimbana mwakachetechete
mpaka zitafanana mphamvu, kutsala mchere ndi madzi,
kenaka dontho limodzi lokha,
botolo lonse pinki wamanyazi.
Przemek anatopa, anatsegula kampopi konse,
zake zinafiira ngati msuzi wa bitiruti.
Anayambiranso, ife tikuvala majekete.

Langa tsiku linali Lachinayi.
Golovesi linali lalifupi, soda inadonthera pamkono.
Sipanapweteke.
Panangoterera ngati sopo,
ndinakoka malaya kuti ndibise,
poopa kusekedwa, poopa mawu awo aja.
Sindikudziwa kuti anaona bwanji, anali atatifulatira.
Ndinangomva dzanja lolimba likundikokera kusinki.

"Kutererako si sopo, mwanawe,
ndi khungu lako likuyamba kusungunuka."

Madzi ozizira ngati mpeni.
Ndinati basi, kwakwana. Sanandiyankhe.
Maso awo anali pa wotchi yapakhoma,
mphindi zisanu, khumi, khumi ndi zisanu, kupitirirabe,
belu linalira, anzanga anatuluka,
mkono wanga uli m'madzi, wawo uli pambali pake,
chipsera chija chikunyowa nawo limodzi.
Sanandikalipire.
Anangotenga kope la ngozi, nalemba tsiku ndi dzina langa,
nati: "Chakhudza thupi umanena pompo.
Manyazi alibe mankhwala m'kabatimu."

Lero ndimayeza madzi amene mzinda uno umamwa.
Ndimalemba dzina pa botolo ndisanathiremo kanthu,
ndimavala magalasi ngakhale ndili ndekha.
Ophunzira akabwera kudzaona ntchito yathu,
nanenso ndimapinda mkono wa khoti.
Amayang'anitsitsa, amafunsa kuti tione chiyani,
popeza palibe kanthu, khungu lokhalokha.

Ndimati: chimenechi.
Anachilemba ndi Mayi Bogumiła,
ndi madzi a pampopi, Lachinayi lina,
chakudya chawo chamasana chikuzizira m'chikwama.